Kupeza Puloteni ya NCAM mu Mnofu ndi Antibody: Kuchokera mu Formalin Kufika pa Maikulosikopu

NCAM (neural cell adhesion molecule) ndi puloteni yokhala pa khungu la selo la mtsempha wotumiza mauthenga m'thupi (nerve), ndipo ntchito yake ndi kugwiranitsa selo ndi linzake ngati momwe dothi limagwirira njerwa pakhoma. Akatswiri a magazi amaidziwa ndi dzina lina, CD56, chifukwa imapezekanso pa maselo a chitetezo otchedwa NK (natural killer). Mayina ndi awiri koma puloteni ndi imodzi, ndipo mwa munthu jini yake, NCAM1, ili pa chromosome 11. Inadziwika m'zaka za m'ma 1970, makamaka kudzera m'ntchito ya gulu la Gerald Edelman ku Rockefeller University ku New York.

Puloteniyi sioneka yokha ngakhale pa maikulosikopu yabwino bwanji. Mumaiona poikapo antibody, puloteni ya chitetezo cha thupi, yokakamira pa iyo yokha, kenako mankhwala osiya utoto wa khofi pamene antibody yakakamirapo. Njirayi ndi immunohistochemistry, mwachidule IHC. Chovuta chake n'chakuti utoto wa khofi umatha kutuluka pamalo popanda NCAM, n'kusowa pamalo pomwe NCAM yadzaza, ndipo kawirikawiri cholakwika chimakhala chitachitika kale botolo la antibody lisanatsekulidwe n'komwe.

Dziwani kaye NCAM yomwe mukuifuna

NCAM ili m'misinkhu itatu ikuluikulu, yotchulidwa potengera kulemera kwake: NCAM-120, NCAM-140 ndi NCAM-180. Kunja kwa selo zonse n'zofanana, zili ndi zigawo zisanu za mtundu wa immunoglobulin ndi ziwiri za mtundu wa fibronectin. Kusiyana kuli kumchira. Ya 140 ndi ya 180 zimaboola khungu la selo n'kusiya mchira mkati, ndipo wa 180 ndiye wautali. Ya 120 ilibe mchira, imangolendewera kunja ndi kachingwe ka mafuta kotchedwa GPI, ndipo imachuluka pa maselo a glia. Maselo a NK amanyamula ya 140.

Pogula, zimenezi ndizo zikutsogolereni. Antibody yopangidwira mchira wa mkati siidzaona NCAM-120 ngakhale mutaigoneka pa silaidi masiku atatu. Ngati mukufuna NCAM yonse, tengani yogwira gawo la kunja. Pepala lobwera ndi botolo limanena zimenezi pamzere wa immunogen kapena epitope, ndipo wogulitsa amene sanalembepo kanthu pamzerewo msiyeni, funani wina.

Pa mnofu wa munthu wolimbitsidwa mu phula (paraffin), mayina odziwika a ma antibody (clone) ndi 123C3 ndi 1B6, zonse zochokera ku mbewa ndipo ndi IgG1, komanso MRQ-42 yochokera kwa kalulu. Onani zinthu zitatu papepalalo. Choyamba, kodi imagwira NCAM ya nyama yomwe mukufufuza? Yogwira ya munthu si nthawi zonse imagwira ya khoswe. Chachiwiri, kodi inayesedwa pa mnofu wa mu phula, pomwe amalemba IHC-P? Antibody ya CD56 imene anzanu a flow cytometry ali nayo mu firiji, monga B159, inapangidwira maselo osalowa mu phula, choncho musaibwereke poganiza kuti dzina likafanana ntchito ifanananso. Chachitatu, inachokera ku nyama yanji? Mukaika antibody ya ku mbewa pa mnofu wa mbewa, antibody yachiwiri, yomwe ntchito yake ndi kugwira yoyambayo kuti utoto utuluke, imagwiranso IgG (antibody) ya mbewayo yomwe ili kale m'mitsempha ya magazi, silaidi yonse n'kuthimbirira. Pa mnofu wa mbewa sankhani ya kalulu kapena ya mbuzi.

Lembani m'buku la labotale dzina la clone, nambala ya m'katalogi ndi nambala ya lot tsiku lomwe botolo lafika. Lot ikasintha mudzayesanso kasungunulidwe kake.

Mnofu wokuuzani zoona

Musanapake mnofu wa kafukufuku wanu, pezani mabuloko awiri a phula okhala ndi mnofu wodziwika kale: appendix ndi tonsil. Mu appendix, timitsempha ndi maselo a ganglion a m'khoma lake amagwira utoto mwamphamvu. Mu tonsil, maselo a NK omwazikana pakati pa ma follicle (timagulu tozungulira ta maselo) amagwira pang'ono chabe, m'mphepete mwa selo, pomwe maselo a B a mu germinal centre, pakati penipeni pa follicle, ayenera kukhala oyera.

Pa ziwirizi, yofunika kwambiri ndi tonsil. Mtsempha wa mu appendix uli ndi NCAM yambiri moti umada ngakhale njira yanu ili yofooka, ndiye ukhoza kukunamizani kuti zonse zili bwino. Selo la NK lili ndi yochepa. Ngati maselo amenewa sakuoneka, njira yanu ikuphonya paliponse pomwe NCAM ndi yochepa, ndipo mnofu wanu ukatuluka woyera simungalembe kuti mulibe NCAM. Ikani tizidutswa tiwiriti pa silaidi imodzimodzi ndi mnofu wofufuzidwa, chakumapeto kwake, kuti chilichonse chogwera wina chigwerenso mnzake.

Pamafunikanso masilaidi awiri omwe ayenera kutuluka oyera. Pa imodzi mumaika madzi osungunulira okha opanda antibody yoyamba, kuti muone ngati yachiwiri ikugwira payokha. Pa inayo mumaika IgG wamba ya nyama yomweyo, ya mtundu womwewo, pamlingo wofanana ndi wa antibody yanu. Ofufuza mbewa ali ndi mboni ina yoposa zonsezi, mnofu wa mbewa yochotsedwa jini ya NCAM. Mbewa zotere zinafotokozedwa mu 1994, ndipo antibody ikadetsa mnofu wa mbewa imeneyi ndiye kuti ikugwira china chake.

Formalin

Mnofu ukangochoka m'thupi ulowe mu formalin msanga, lisanathe ola limodzi ngati n'kotheka. Udulidwe kuti usanenepe kupyola 4 mm, chifukwa formalin imalowa pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola poyambirira, kenako n'kumachedwerachedwera. Chidutswa chonenepa chimakhwima kunja mkati mukuwola, ndipo pa silaidi mumapeza mkombero wa khofi m'mphepete, pakati mbuu. Formalin ichuluke kakhumi kapena kupitirira poyerekeza ndi mnofu. Kachibotolo kodzaza mnofu mpaka pakamwa, formalin yongonyowetsa pamwamba, n'kuwononga ntchito isanayambe.

Gwiritsani ntchito 10% neutral buffered formalin. Mukamapanga nokha lita imodzi, sakanizani 100 ml ya formaldehyde ya 37 mpaka 40%, 900 ml ya madzi a distilled, magalamu 4 a sodium phosphate monobasic ndi magalamu 6.5 a sodium phosphate dibasic yopanda madzi, ndipo pH ikhale cha pa 7. Formalin yongosungunula ndi madzi a pampopi imasasa ikakhalitsa, ndipo ikakumana ndi magazi imasiya timadontho takuda tosokoneza powerenga.

Maola 24 ndi abwino. Osachepera 6, ndipo yesetsani osapyola 72. Mnofu wochokera kuchipatala chakutali nthawi zina umagona mu formalin milungu, podikira galimoto, ndipo ubongo wathunthu wa munthu umasiyidwamo mwadala milungu iwiri kapena kuposa kuti ulimbe. Mnofu wotere sutayidwa, koma udzafuna kuphikidwa nthawi yotalikirapo (za kuphika masilaidi zili kutsogoloku), ndiye pemphani otumiza kuti azilemba pabotolo tsiku ndi ola lomwe unalowa mu formalin. Ngati ndi fupa kapena mafuta a m'fupa, lifewetseni ndi EDTA osati nitric acid kapena hydrochloric acid, zomwe zimawononga puloteni. Mwayi wake ndi wakuti maselo omanga fupa, ma osteoblast, ali ndi CD56, choncho mzere wawo m'mphepete mwa fupa umakuuzani ngati asidi wasiya kanthu.

Kudula ndi kuchotsa phula

Dulani 3 mpaka 4 µm, muyandamitse pa madzi a 40 mpaka 45°C, ndipo mutole ndi masilaidi okhala ndi charge kapena opakidwa poly-L-lysine. Mnofu wa ubongo uli ndi mafuta ambiri ndipo umakonda kusupuka pophika. Imitsani masilaidi madzi atsike, kenako aumitseni usiku wonse pa 37°C kapena ola limodzi pa 60°C. Dontho lotsalira pansi pa mnofu limasanduka nthunzi pophika n'kuutukula. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imachoka mu ethanol ndi xylene. Musadule masilaidi ambiri oti azidikira miyezi mu dilowa, makamaka nthawi ya dzinja pomwe chinyezi chachuluka. Puloteni imasungika bwino mu buloko kusiyana ndi pa silaidi.

Chotsani phula mu xylene katatu, mphindi 5 ulendo uliwonse, pamalo okoka mpweya. Pitani mu ethanol ya 100% kawiri, mphindi 3 ulendo uliwonse, kenako ya 95%, ya 70%, n'kumalizira m'madzi. Madzi akamachita timibulu pa mnofu m'malo moyala, phula likadalipo: bwererani ku ethanol ndi xylene yatsopano. Kuyambira pano mpaka pomata galasi lophimbira, mnofu usaume ngakhale kamphindi.

Kuphika masilaidi

Formalin imalumikiza mapuloteni ndi timilatho ta methylene, ndipo malo omwe antibody imayenera kugwira amakwiririka. Kutentha kumamasula timilatho timeneti. Njirayi inafotokozedwa ndi Shan-Rong Shi ndi anzake mu 1991, ndipo pa CD56 ya mu phula siilumphidwa.

Ma buffer, madzi ophikiramo masilaidi, ndi awiri. Ya Tris-EDTA, pH 9.0, imapangidwa ndi magalamu 1.21 a Tris ndi 0.37 a EDTA mu lita imodzi ya madzi a distilled, kuwonjezapo 0.5 ml ya Tween 20. Ya citrate, pH 6.0, imafuna magalamu 2.94 a trisodium citrate dihydrate mu lita imodzi, pH n'kutsitsidwa ndi hydrochloric acid, Tween 20 mlingo womwewo. Pa CD56 yambani ndi ya pH 9, imatulutsa utoto wamphamvu. Kuipa kwake n'kwakuti ndi yaukali pa mnofu, moti ubongo ndi fupa zimatha kusupuka. Zikatero yesani ya citrate, koma muyang'anenso tonsil kuti maselo a NK sanasowe. Yezani pH ndi mita tsiku lomwelo, osangokhulupirira zolemba pabotolo la mwezi watha.

Mu water bath kapena steamer, tenthetsani buffer kaye mpaka 95°C kapena kuposa, ndiyeno lowetsani masilaidi, muyambe kuwerenga mphindi 20 pokhapokha thermometer ya mkati mwa buffer yabwereranso pa 95. Mnofu womwe unakhalitsa mu formalin upatseni 30 kapena 40. Kumbukirani kuti pamalo okwera madzi safika pa 100°C. Ku Lilongwe, komwe ndi mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, amawira cha pa 96 kapena 97°C, ndipo buffer ya m'kabotolo koviikidwa m'madziwo imatsalira pansi pa pamenepo. Mphindi zolembedwa ndi labotale ya m'mbali mwa nyanja zikhoza kukuperewerani.

Poto wa puresha wa kukhitchini amathetsa vutoli, chifukwa amafika cha pa 120°C. Thirani buffer yokwanira kumiza masilaidi, iwire chivindikiro chisanatsekedwe, lowetsani masilaidi m'chotengera chachitsulo, tsekani, ndipo puresha ikakwana werengani mphindi 3. Ziziritsani poto pansi pa mpopi musanatsekule. Potoyu amagwiranso pa gasi magetsi akazima, koma akalowa mu labotale asabwererenso kokaphika nyemba. Mayikulowevu imagwira ntchito, kungoti imatentha mosalingana ndipo buffer imaphwera msanga. Mnofu ukatulukira pamwamba pa buffer ukuwira, wapsa.

Mukatha kuphika, siyani masilaidi m'buffer momwemo azizire mphindi 20 mpaka 30. Mukawatulutsa ali otentha amauma nthawi yomweyo. Tsukani ndi madzi a distilled, kenako ndi TBS, yomwe ndi magalamu 6.06 a Tris ndi 8.77 a mchere wa sodium chloride mu lita imodzi, pH 7.6. Ya kutsukira muiwonjezere 0.5 ml ya Tween 20 pa lita.

Kutseka mipata ndi kuika antibody yoyamba

Maselo ofiira a magazi ndi ma granulocyte ali ndi enzyme ya peroxidase yawoyawo, yomwe imadetsa DAB, mankhwala osiya utoto wa khofi aja, popanda antibody iliyonse. Iphani ndi hydrogen peroxide ya 3% kwa mphindi 10. Ya m'botolo la 30% isungunuleni tsiku lomwelo, gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a madzi, mutavala magolovesi chifukwa imawotcha khungu. Tsukani katatu.

Pukutani mozungulira mnofu, zungulizani mzere ndi cholembera cha PAP chotchinga madzi, ndipo thirani serum wamba ya 5 mpaka 10% kwa mphindi 30. Serum ichokere ku nyama yomwe inapanga antibody yachiwiri: ngati yachiwiri ndi ya mbuzi, serum ikhale ya mbuzi. Musaitsuke, ingoikhuthulani popendeka silaidi.

Mlingo wosungunulira wolembedwa papepala ndi poyambira chabe. Ulendo woyamba perekani masilaidi asanu a tonsil ndi appendix, muyese 1:50, 1:100, 1:200, 1:400 ndi 1:800 mu TBS yokhala ndi 1% BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe). Sankhani mlingo wosungunuka kwambiri womwe maselo a NK akuonekabe bwino, germinal centre ili yoyera. Chidutswa chilichonse chimafuna 100 mpaka 200 µl. Mwachitsanzo masilaidi 12 pa 150 µl ndi 1,800 µl, ndiye konzani 2,000 µl kuti pasaperewere: pa 1:200 ndi 10 µl ya antibody mu 1,990 µl ya madzi osungunulira. Ngati mlingo ukufuna kuti mutape zochepera 2 µl, sungunulani kawiri, choyamba 1:10 kenako kuchokera pamenepo, chifukwa pipette imanama pa timilingo tating'ono chotere. Botolo lolembedwa kuti ndi losungunula kale musalisungunulenso.

Ikani masilaidi chogona m'bokosi lachinyezi. Kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, pansi pake mapepala onyowa ndi ma pipette awiri akale oti masilaidi atsamirepo, imakwana. Bokosilo likhale pamalo osapendekeka. Nthawi ndi ola limodzi pa kutentha kwa m'chipinda, kapena usiku wonse pa 4°C. Usiku wonse umalola kusungunula kwambiri ndipo botolo limakhalitsa, koma umadalira firiji yosazima. Kumene magetsi ndi osadalirika, ola limodzi masana ndi labwino kuposa usiku womwe simudziwa kuti firiji inatentha nthawi yanji. Komanso opanga mapepalawa akamati kutentha kwa m'chipinda amatanthauza 20 mpaka 25°C. M'chipinda cha 33°C cha mwezi wa October zonse zimathamanga ndipo timadontho timaphwera msanga, ndiye yang'anani bokosilo pakatha theka la ola.

Tsukani katatu ndi TBS ya Tween, mphindi 5 ulendo uliwonse. Apa m'pomwe aulesi amagwidwira. Mabotolo ambiri a antibody yoyamba ali ndi sodium azide, yomwe imapha HRP, peroxidase yomangiriridwa pa antibody yachiwiri, ndipo yotsalira pa silaidi imafooketsa utoto.

Antibody yachiwiri ndi utoto

Gwiritsani ntchito antibody yachiwiri ya polymer ya HRP yogwirizana ndi nyama ya antibody yoyamba, mphindi 30, n'kutsukanso katatu. Njira yakale ya avidin ndi biotin imagwirabe, koma chiwindi ndi impso zili ndi biotin yawoyawo, yomwe kuphika kuja kumaivundukula, ndipo imadetsa mkati mwa maselo mwabodza.

Sakanizani DAB pomwe mukufuna kuigwiritsa ntchito, osati m'mawa kudikira masana. Valani magolovesi, ndipo yotsala ipite m'botolo la zinyalala zoopsa osati mu sinki, chifukwa ikuganiziridwa kuti imayambitsa khansa. Ithireni pa silaidi, muike silaidi ya tonsil pa maikulosikopu, muziyang'ana. Nthawi zambiri zimatenga mphindi 3 mpaka 10. Imitsani m'madzi maselo a NK akangooneka bwino. Nthawi yomwe mwapezayo ilembeni, ndipo masilaidi onse oti adzayerekezedwe apatsidwe mphindi zofanana. Kuwonjezera mphindi pa silaidi imodzi chifukwa "sikutuluka" n'kuphika zotsatira.

Hematoxylin ikhale yopepuka, masekondi 30 mpaka mphindi imodzi, kenako madzi a pampopi oyenda mpaka nyukiliyasi isanduke ya buluu. Ikada kwambiri imabisa kamzere kopyapyala ka khofi. Malizani ndi ethanol yokwera mphamvu, xylene, ndi DPX yomatira galasi lophimbira.

Kuwerenga silaidi

Yambani ndi masilaidi oyenera kukhala oyera, kenako tonsil ndi appendix, mnofu wanu pomalizira. NCAM yeniyeni imaoneka ngati mkombero m'mphepete mwa selo, nthawi zina ndi utoto wopepuka mkati. M'mitsempha imaoneka ngati ulusi, ndipo mu ubongo imadetsa ukonde wa pakati pa maselo. Khofi wa mu nyukiliyasi si NCAM. Wa m'mphepete mwa chidutswa mokha, wa m'makwinya a mnofu, ndi wa pamalo owola, musamuwerengere.

Silaidi yonse ikathimbirira mofanana, antibody yachuluka, kapena mnofu unauma penapake, kapena kutsuka kunachepa. Ngati yopanda antibody yoyamba yadanso, vuto lili pa yachiwiri kapena pa peroxidase. Zonse zikatuluka zoyera, ndi appendix yomwe, ganizirani kaye zophweka: yachiwiri ya nyama yolakwika, DAB yosakanizidwa molakwika, kapena azide. Dontho la polymer mu DAB yotsala liyenera kuda nthawi yomweyo, ndipo likada mwadziwa kuti ziwirizo zili moyo. Mitsempha ya mu appendix ikada koma tonsil ili mbuu, onjezani kuphika kapena pitani ku pH 9 musanaganize zochulukitsa antibody.

Pali khofi wina wosachokera ku DAB, ndipo m'dera la malungo mudzakumana naye. Tizilombo ta malungo tikadya hemoglobin timasiya timibulu takuda totchedwa hemozoin, timene timadzaza m'timitsempha ta magazi ta mu ubongo mwa omwalira ndi malungo a mu ubongo, komanso m'chiwindi ndi mu nsengwa ya mwana wobadwa kwa mayi wodwala malungo. Timibulu timeneti timaoneka ngakhale pa silaidi yopanda antibody, ndipo timanyezimira pa kuwala kwa polarised, pomwe DAB siinyezimira. Timadontho ta formalin yosasa timachitanso chimodzimodzi. Mukhoza kutichotsa poviika masilaidi mu ethanol yokhuta picric acid mutangochotsa phula, koma picric acid youma imaphulika ndipo imafuna kasungidwe kosamala. Chapafupi ndi kusintha mtundu: tengani polymer ya alkaline phosphatase ndi utoto wofiira monga Fast Red. Pamenepo tsukani ndi TBS basi, chifukwa phosphate ya mu PBS, buffer ina yotsukira, imafooketsa enzyme imeneyi, ndipo matani ndi zomatira za madzi popeza Fast Red imasungunuka mu ethanol. Utoto wofiira umathandizanso pa khungu lakuda, pomwe melanin imafanana ndi DAB.

Ofufuza zotupa asaiwale kuti CD56 ili ndi abale ambiri. Imapezeka mu neuroblastoma, mu chotupa cha impso cha Wilms, mu rhabdomyosarcoma, mu khansa ya m'mapapo ya maselo ang'onoang'ono, mu myeloma ndi mu lymphoma ya NK/T ya m'mphuno. Maselo a chithokomiro ali nayonso, ngakhalenso minofu yoyendetsa thupi (muscle) yomwe ikuphukanso kapena yomwe mtsempha wake waduka. Pa zotupa za ana za maselo ang'onoang'ono a buluu, imathandiza kupatula Burkitt lymphoma, yomwe ili ndi CD20 koma ilibe CD56, komabe payokha siinena kuti chotupacho n'chiti. Iyende ndi ma antibody a synaptophysin, PHOX2B, WT1 kapena myogenin malinga ndi funso lanu.

Poyeza kuchuluka, ambiri amagwiritsa ntchito H-score: peresenti ya maselo ogwira pang'ono kuchulukitsa ndi 1, ogwira pakatikati ndi 2, ogwira kwambiri ndi 3, zonse pamodzi kuyambira 0 mpaka 300. Owerenga akhale awiri osadziwa kuti silaidi ndi ya gulu liti. Mapulogalamu aulere a QuPath ndi Fiji amathandiza, malinga zithunzi zonse zijambulidwe ndi kuwala kofanana.

PSA-NCAM mu ubongo wa mbewa kapena khoswe

Mu ubongo womwe ukukula, komanso m'malo ochepa a ubongo wa nyama yaikulu momwe mukubadwabe maselo atsopano, NCAM imavala unyolo wautali wa shuga wotchedwa polysialic acid, kapena PSA, pa gawo lake lachisanu la immunoglobulin. Unyolowu umakoka madzi n'kufufuma, motero maselo amaterereka m'malo mogwirana, n'kutha kusamuka. Ma antibody ake amagwira shugayo osati puloteni, ndipo njira yake imasiyana ndi ya pamwambayi.

Mukalandira chilolezo cha komiti yoona za nyama zofufuzira, nyamayo imagonetsedwa tulo tofa nato, n'kupopedwa PBS kudzera mu mtima, kenako 4% paraformaldehyde. Ubongo ugone mu paraformaldehyde yomweyo usiku umodzi pa 4°C, ndiyeno mu sucrose ya 30% mpaka umire pansi, tsiku limodzi kapena awiri. Mukauumitsa pouziziritsa usanamire, madzi oundana amaboola mnofu n'kuusiya ngati sefa. Dulani 30 mpaka 40 µm pa cryostat, makina odulira mnofu woundana, ndipo tizidutswato tipakidwe tikuyandama m'mbale ya zibowo. Musatiphike. Unyolo wa PSA umaduka ukakumana ndi kutentha ndi asidi, ngakhale wochepa.

Ma antibody odziwika ndi 2-2B ndi 5A5, onse IgM ya mbewa, ndipo 5A5 imapezeka ku Developmental Studies Hybridoma Bank ya pa University of Iowa. Ina, 735, ndi IgG2a. Cholakwika chofala ndi kutenga yachiwiri ya anti-mouse IgG yomwe ili kale mu firiji n'kuiika pa IgM. Gulani yogwira IgM, yolembedwa kuti ndi ya µ chain, yokhala ndi utoto wowala (fluorescence). IgM ndi yaikulu, ma antibody asanu omangidwa pamodzi, ndipo imalowa mochedwa mu chidutswa chonenepa, choncho ipatseni maola 24 mpaka 48 pa 4°C, mbale ikugwedezeka pang'onopang'ono, mu buffer yokhala ndi serum ndi Triton X-100 ya 0.1 mpaka 0.3%.

Malo oyenera kuwala ndi mzere wa mkati wa dentate gyrus mu hippocampus, ndi njira yochokera m'mbali mwa lateral ventricle kupita ku olfactory bulb, momwe maselo amayenda mondondozana. Nyama yaing'ono imaonetsa ambiri, yokalamba ochepa kwambiri, ndiye poyesa njira yanu tengani yaing'ono. Umboni wotsimikiza ndi enzyme ya endoneuraminidase N, yomwe imadula PSA yokha: chidutswa chothiridwa enzymeyi chiyenera kuzima, choyandikana nacho chili chiwalire. Mu ubongo wokalamba timibulu ta lipofuscin timawala tokha m'mitundu yonse ya fluorescence. Tizimitseni ndi Sudan Black B ya 0.1% mu ethanol ya 70%, yosefedwa bwino, kwa mphindi 5 mpaka 10 mutatha antibody yachiwiri.

Kusunga botolo

Tsatirani pepala lake. Antibody yoti ikhale pa 4°C ikhale mkati mwa firiji, osati pachitseko. Yoti iume pa -20°C igaweni tsiku lomwe yafika m'timachubu ta 10 mpaka 20 µl, kuti kalikonse kasungunuke kamodzi kokha. Firiji yodzichotsera yokha madzi oundana siyenera, chifukwa imadzitenthetsa pang'ono nthawi ndi nthawi. Polymer ya HRP siumitsidwa. Kuti mudziwe ngati firiji inasungunula zinthu magetsi atazima kumapeto kwa sabata, umitsani madzi theka m'kachubu, mukaike chozondoka pambali pa bokosi la ma antibody. Mukapeza Lolemba madzi oundanawo atatsikira kuchivindikiro, pakani tonsil kaye musanakhudze mnofu wa kafukufuku.